Zaka 14 zimene mtambo unatenga kuti ubwerere kumene unabadwira

Mu Ogasiti 2006, kampani ya Amazon inayamba kubwereketsa makompyuta kudzera pa intaneti mwa dongosolo limene inalitcha EC2. Munthu ankangolipira ndi khadi la kubanki, ndipo pakangopita mphindi zochepa ankakhala ndi seva yakeyake, kompyuta yamphamvu yosunga ndi kutumiza zinthu pa intaneti, imene sanaionepo ndi maso, n'kumailipira pa ola. Anzanga ambiri amene ndimagwira nawo ntchito kuno ku Johannesburg amachidziwa chaka chimenechi, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti mapulogalamu a dongosololi analembedwa ku Cape Town. Chris Pinkham, injiniya wa ku South Africa amene ankayang'anira makina a Amazon ku Seattle, anafuna kubwerera kwawo, ndipo kampaniyo, posafuna kumutaya, inamulola kutsegula ofesi yaing'ono ku Cape Town chakumapeto kwa 2004. Kagulu kake kochepako ndi kamene kanaumba mbali yaikulu ya chinthu chimene lero aliyense akuchitcha cloud, kapena kuti mtambo.

Chodabwitsa n'chakuti makina enieniwo sanaikidwe ku Cape Town. Anaikidwa kumpoto kwa Virginia ku America, kenako ku Dublin, ku Singapore, ku Tokyo, ku São Paulo, ku Sydney ndi kwina kochuluka, ndipo mzinda umene unabereka mwanayo unadikira mpaka Epulo 2020 kuti Amazon itsegule nyumba zake za maseva kumeneko. Kuchokera 2006 kufika 2020 ndi zaka pafupifupi 14. Danga limeneli ndakhala ndikuliganizira kwambiri, chifukwa limatsutsana ndi zimene timakonda kuuzana pa misonkhano, zakuti chimene Africa ikusowa pa nkhani za luso lamakono ndi anthu ophunzira. Anthu ophunzirawo analipo, ndipo ndi amene anaiyambitsa ntchitoyo. Zimene zinasowa ndi zinthu zolemera, zodula ndiponso zosakoma kuzikamba pa msonkhano, monga nthambo za pansi pa nyanja, nyumba za konkire, mathiransifoma, dizilo ndi makina oziziritsira mpweya.

Ntchito yanga ndi yosamalira maseva a kampani ina yaing'ono imene imachita lendi malo m'nyumba ina ya maseva kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Tsiku loyamba kupita kumeneko ndinaipitirira nyumbayo kawiri, chifukwa kunja kwake imangooneka ngati nyumba zosungiramo fodya za ku Kanengo: makoma aatali opanda mawindo, mpanda wa magetsi, ndi chikwangwani chaching'ono chimene munthu sangachione ali m'galimoto. Pageti mlonda anaona pasipoti yanga n'kuiyerekeza ndi dzina limene abwana anga anatumiza dzulo lake, pakuti amene sanalembedwe pasadakhale salowa ngakhale atakhala mwini kampani. M'katimo anajambula chala changa, kenako ndinalowa m'kachipinda ka zitseko ziwiri kamene chitseko chake chachiwiri sichitseguka choyambacho chisanatsekeke. Ndinali nditanyamula disiki yatsopano m'katoni, ndipo anandiuza kuti ndiitulutse n'kusiya katoniyo panja. Katoni imatulutsa fumbi, ndiponso imayaka msanga, choncho siiloledwa m'chipinda cha makina.

Chimene chimayamba kumulandira munthu m'chipindamo ndi phokoso. Mafani zikwizikwi amalira nthawi imodzi, usana ndi usiku, moti anthu awiri oyandikana amachita kukuwa kuti amvane. Maseva amakhala m'makabati achitsulo otchedwa rack, oimikidwa m'mizere yaitali. Muyezo wa makabatiwa ndi umodzi padziko lonse: makina ake amakhala a mainchesi 19 m'lifupi, ndipo kabati yodziwika kwambiri imakhala ndi mipata 42, mpata uliwonse wa mamilimita pafupifupi 44 ndi theka. Mizere imaikidwa moyang'anizana, nkhope kwa nkhope ndi msana kwa msana. Kanjira ka pakati pa nkhope ziwiri kamadzazidwa ndi mpweya wozizira umene maseva amakoka, ndipo kanjira ka pakati pa misana iwiri kamalandira mpweya wotentha umene maseva amalavula. Ndikamasintha disiki kutsogolo ndimavala juzi, koma ndikazungulira kumbuyo kukakonza nthambo ndimatuluka thukuta ngati ndili ku Nsanje mu Okutobala. Kumeneko ndi kumene ndinamvetsera mfundo imene ndinaiwerenga kusukulu osaigwira mutu wake, yakuti magetsi onse olowa mu kompyuta amathera kukhala kutentha. Nyumba imene ikukoka mamegawati 20 ndi ng'anjo ya mamegawati 20, ndipo kutentha konseko kuyenera kutulutsidwa sekondi iliyonse, apo ayi makina amadzizimitsa okha pakangopita mphindi zochepa.

Koma nyumba yoteroyo ilibe phindu ngati ilibe msewu wopita kunja, ndipo apa ndi pamene zaka 14 zija zinayambira. Pamene gulu la Pinkham linkalemba mapulogalamu ake, South Africa inkadalira kwambiri nthambo ya pansi pa nyanja ya SAT-3 ndi inzake ya SAFE, zimene zinayamba kugwira ntchito mu 2002, ndipo khomo lolowera m'nthambozo linali m'manja mwa kampani ya matelefoni ya Telkom, choncho mtengo wake unali wokwera zedi. Gombe la kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Mozambique mpaka ku Kenya, linalibiretu nthambo ya faiba, yagalasi yonyamula mauthenga ndi kuwala, yolilumikiza ndi maiko a kutali, ndipo ife a ku Malawi amene tinayamba kugwiritsa ntchito intaneti m'zaka zimenezo timakumbukira kuti zonse zinkadzera pa setilaiti, tsamba limodzi n'kumatseguka ngati likuchokera ku manda. Zinthu zinasintha mu Julayi 2009 pamene nthambo ya Seacom inayamba kugwira ntchito. EASSy inatsatira mu 2010, ndipo zonse ziwirizi zimatulukira pa gombe la Mtunzini ku KwaZulu-Natal. WACS inadza mu 2012 kudzera ku gombe la kumadzulo, n'kutulukira ku Yzerfontein. Mu 2022 nthambo ya Google yotchedwa Equiano inafika ku Melkbosstrand, ndipo 2Africa, imene Meta, mwini wa Facebook, ndi makampani anzake anayala, ndi yotalika makilomita pafupifupi 45,000.

Wina angafunse kuti ngati nthambozo zilipo, n'chifukwa chiyani maseva sangokhala ku London kapena ku Dublin n'kumatitumikira ali komweko. Yankho lake ndi liwiro la kuwala, limene ndalama sizingaligule. M'kati mwa galasi la faiba kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, ndipo uthenga wochoka ku Johannesburg kupita ku London ndi kubwerera umatenga mamilisekondi oposa 150. Chiwerengerochi chimaoneka chochepa mpaka munthu atadziwa kuti ntchito imodzi ya pa kompyuta, monga kulipira ndi khadi m'sitolo kapena kutsegula tsamba la banki, imafuna kuti makina afunsane ndi kuyankhana kambirimbiri isanathe. Maulendo 20 oterowo ndi masekondi atatu a munthu woima pa kauntala, anzake akumudikira kumbuyo. Seva ikakhala mumzinda womwewo, ulendo umodzi umatenga milisekondi imodzi kapena ziwiri.

Panalinso chinthu china chimene chinayenera kuchitika, chimene ndimaona kuti sichitchulidwa mokwanira. Mu 2008 khoti lalikulu ku South Africa linagamula, pa mlandu umene kampani ya Altech inasuma, kuti makampani ogulitsa intaneti ali ndi ufulu woyala nthambo zawozawo m'malo mochita lendi kwa makampani ochepa amene anali ndi ziphaso. Chaka chomwecho kunabadwa kampani ya Teraco, imene inabwera ndi ganizo losavuta kulimva: kumanga nyumba ya maseva imene mwini wake sagulitsa intaneti, kotero kuti kampani iliyonse ya nthambo ingathe kulowamo popanda kuopa kuti ikudyetsa mdani wake. Mu 2012 anakhazikitsamo NAPAfrica, malo amene makampani osiyanasiyana amalumikizana mwachindunji n'kumapatsirana mauthenga popanda kulipirana. Kale zinkachitika m'maiko ambiri a mu Africa kuti uthenga wochoka kwa munthu wina kupita kwa mnzake wa mumzinda womwewo unkayamba wakafika ku Ulaya n'kubwerera, chifukwa makampani awo awiri analibe pokumanira pafupi. Malo okumanira akangokhalapo, zinthu zimayenda ngati pa msika wa Lizulu, pamene ogulitsa amabwera chifukwa pali ogula, ogulanso n'kumabwera chifukwa pali ogulitsa. Mabanki analowa, makampani a mafoni analowa, Google, Facebook ndi Netflix anaikamo makina awo osungira zinthu zimene anthu amaonera kawirikawiri. Msika utadzaza ndi pamene akuluakulu a mtambo anabwera. Microsoft inatsegula malo ake ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu Marichi 2019, Amazon inatsatira mu 2020, Oracle mu 2022, ndipo Google inatsegula ku Johannesburg mu Januwale 2024. Mu 2022 kampani ya ku America ya Digital Realty inagula gawo lalikulu la Teraco pa mgwirizano umene unawerengera kampani yonseyo kuti ndi ya madola pafupifupi 3.5 biliyoni.

Tsopano ndifike pa magetsi, pakuti ndi amene amandidzutsa usiku. Nyumba ya maseva yomangidwa bwino imakhala ndi njira ziwiri za magetsi zosadalirana, zimene timazitcha A ndi B. Njira iliyonse ili ndi thiransifoma yake, mabatire ake ndi nthambo zake mpaka kufika pa kabati, pamene munthu amapeza mizere iwiri ya masoketi, wina kumanzere wina kumanja, kawirikawiri ya mitundu yosiyana. Magetsi a mumzinda akazima, mabatire a makina otchedwa UPS amanyamula katundu yense nthawi yomweyo, maseva osazindikira n'komwe kuti kunja kwachitika kanthu. Mabatirewo sapangidwira kugwira ntchito maola ambiri. Ntchito yawo ndi kugwirizira mphindi zochepa, kuti majenereta adzuke, afike pa liwiro loyenera ndi kulandira katunduyo, zimene zimatenga masekondi osakwana 60. Majenereta amakhala ochuluka kuposa ofunikira, kuti imodzi ikakana kulira enawo akwanitse. Bungwe la ku America la Uptime Institute limagawa nyumbazi m'magulu anayi, ndipo gulu lachitatu, limene makasitomala ambiri amafuna, limatanthauza kuti chipangizo chilichonse chingathe kuzimitsidwa ndi kukonzedwa popanda kuzimitsa maseva.

Dongosolo lonseli ndinaligonjetsapo ine ndekha ndi dzanja limodzi. Seva iliyonse yabwino ili ndi pulagi ziwiri, imodzi ya ku A ndi ina ya ku B. Tsiku lina, m'chaka changa choyamba, ndinaika seva yatsopano pamwamba pa kabati, ndipo poona kuti nthambo ya pulagi yachiwiri inali yaifupi kuti ifike kumanja, ndinazilowetsa zonse ziwiri kumanzere, ndili ndi maganizo oti ndidzabwera ndi nthambo yaitali sabata yotsatira. Sabatayo inapita, miyezi inayi inapita. Kenako eni nyumba anatumiza kalata yodziwitsa kuti Loweruka lina usiku adzazimitsa njira ya A kuti akonze mabatire, ndipo ine ndinaiwerenga kalatayo mtima uli m'malo, chifukwa ndinkadziwa kuti tili ndi B. Foni inandidzutsa 2 koloko m'bandakucha. Maseva ena onse anali moyo kupatula imodzi yokhayo, ndipo inali imene inkasunga maakaunti a makasitomala. Mkulu wina wa pamalopo, bambo wa imvi amene anandiperekeza ku kabati, anangoyang'ana pulagi ziwirizo zili pamodzi ngati mapasa, n'kutulutsa nthambo yaitali m'thumba la ovolosi yake osanena kanthu. Anthu anali atawononga mamiliyoni ambiri a marandi kumanga njira ziwiri, ndipo ine ndinazisandutsa imodzi chifukwa cha nthambo yosafika marandi 100. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamva wina akunena kuti zinthu zake zili pawiri, ndimafuna ndizitsate ndi chala kuchokera pa seva mpaka pamene zathera.

Majenereta amene ndatchulawa anapangidwira ngozi ya apo ndi apo, koma mu 2022 ndi 2023 anasanduka chakudya cha tsiku ndi tsiku. Eskom, kampani ya magetsi ya South Africa, inkalephera kupanga magetsi okwanira, ndipo mu 2023 magetsi ankazimitsidwa mosinthanasinthana kwa masiku oposa 300. Gawo lililonse la kuzimitsako limachotsa mamegawati pafupifupi 1,000, ndipo zikafika pa gawo lachisanu ndi chimodzi, malo ambiri ankakhala mumdima maola 8 kapena kuposa pa tsiku. Amalawi amene tili kuno tinkaseka kuti mablakauti atilondola. Kunyumba za maseva zimenezi zinatanthauza kuti jenereta imene inkayenera kulira maola ochepa pa mwezi inkalira kangapo pa tsiku, mafuta ake ndi zosefera zake n'kumasinthidwa pafupipafupi, mabatire n'kumakalamba msanga chifukwa chotsitsidwa ndi kudzazidwa mosalekeza, ndipo matanka a dizilo n'kumalowa pageti ngati minibasi pa siteji. Pali vuto linanso limene mlendo sangaliganizire. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja, mpweya wake ndi wopepuka, choncho injini ya dizilo imapereka mphamvu yocheperapo kusiyana ndi imene ingapereke ku Durban, ndipo mafani amayenera kukankha mpweya wochuluka kuti achotse kutentha komweko. Womanga amayenera kuwerengera zimenezi asanagule makina.

Makampaniwa anayamba kudzipezera magetsi awoawo. Amazon ili ndi munda wa sola wa mamegawati 10 ku Northern Cape, ndipo Teraco inayamba kumanga wa mamegawati 120 ku Free State. Magetsi a m'minda imeneyi amalowa m'nthambo za Eskom kutali kumeneko, ndipo kampani imatenga ofanana nawo ku Johannesburg kapena ku Cape Town n'kulipira ya msewu. Ndi nzeru yabwino, ndipo ikuwonjezera magetsi m'dziko. Koma sindigwirizana ndi timabuku tokongola timene timachititsa munthu kuganiza kuti maseva akuyendera dzuwa. Seva imadya magetsi ofanana pakati pa usiku ndi masana, ndipo dzuwa likalowa, amene amainyamula ndi malasha a ku Mpumalanga.

Za madzi ndingodutsapo mwachidule. Njira yotsika mtengo yoziziritsira nyumba yaikulu ndi kulola madzi kuuluka ngati nthunzi, monga momwe mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa, koma imamwa madzi ambiri. Mzinda wa Cape Town unatsala pang'ono kutseka mipopi mu 2018 chifukwa cha chilala, choncho nyumba zambiri zatsopano kuno zimazunguliza madzi omwewo m'mapaipi otsekeka, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi zimagwiritsa ntchito mpweya wa panja. Akatswiri amayeza luso la nyumba ndi nambala yotchedwa PUE, imene imayerekeza magetsi onse olowa m'nyumba ndi amene afika pa maseva enieni. Nyumba zakale zinkafika pa 2, kutanthauza kuti theka la magetsi linkathera pa kuziziritsa ndi zina, pamene Google imanena kuti nyumba zake zili pafupi ndi 1.1.

Ngakhale zonsezi zitachitidwa bwino, nyumba imodzi ndi nyumba imodzi basi. Usiku wa pa 10 Marichi 2021 moto unabuka pa malo a kampani ya OVHcloud ku Strasbourg m'dziko la France, n'kupsereza nyumba yonse yotchedwa SBG2 ndi kuwononga mbali ya inzake. Palibe amene anafa, koma mawebusaiti ochuluka zedi anazima, ndipo makasitomala ena anazindikira m'mawa mwake kuti makope awo osungira anali pa malo omwewo ndipo anapsera limodzi. N'chifukwa chake Amazon, potsegula ku Cape Town, inatsegula zigawo zitatu zosiyana, chilichonse ndi magetsi ake, zotalikirana mokwanira kuti moto kapena madzi osefukira asazigwere pamodzi, koma zoyandikana mokwanira kuti uthenga uyende pakati pawo m'kuphethira kwa diso. Kubweretsa mtambo mumzinda kumafuna nyumba zingapo ndi faiba yozilumikiza m'njira zosiyana, ndipo mtengo wake umaonekera m'ziwerengero zimene makampaniwa amalengeza. Mu 2023 Amazon inanena kuti idzaika marandi 30.4 biliyoni ku South Africa pofika 2029, ndipo mu Marichi 2025 Microsoft inalengeza marandi ena 5.4 biliyoni.

Zaka zitatu zapitazi, makina a AI, nzeru zopangidwa ndi makompyuta, asokoneza masamu onse amene tinazolowera. Kabati wamba monga yathu imadya makilowati pakati pa 5 ndi 10. Kachipangizo kamodzi ka kampani ya Nvidia kotchedwa H100 kamadya mawati 700 pakokha, ndipo kabati ina ya kampaniyo, imene imanyamula tizipangizo 72 ta mtundu wa Blackwell, imadya makilowati pafupifupi 120 ndipo imalemera kuposa tani imodzi. Mpweya sungathe kuchotsa kutentha kotereku pa malo ochepa chonchi, choncho madzi ozizira amafikitsidwa m'timapaipi mpaka pamwamba pa kachipangizo kenikeniko. Kwa ife amene tinaphunzitsidwa kuti madzi ndi mdani wa seva, moti ngakhale botolo la madzi akumwa sililoledwa m'chipindamo, zimenezi zimatichititsa nthumanzi. Nyumba zambiri zimene zinamangidwa zaka 10 zapitazo sizingalandire makabati amenewa popanda kusintha pansi pake, mapaipi ake ndi nthambo zake za magetsi. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti mu 2024 nyumba za maseva zinadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi onse a padziko, koma chiwerengerochi chimabisa kuunjikana kwake. Ku Ireland zinadya 21 peresenti ya magetsi a dzikolo mu 2023, ndipo kulumikiza nyumba zatsopano ku Dublin kunakhala kovuta kwambiri. Mu Seputembala 2024 Microsoft inagwirizana ndi kampani ya Constellation kuti adzutsenso gawo limodzi la malo a nyukiliya a Three Mile Island ku Pennsylvania, la mamegawati 835, ndipo Microsoft idzagula magetsiwo kwa zaka 20. Nditawerenga nkhaniyo ndinakhala kaye chete, chifukwa magetsi amene kampani imodzi inagula pa mgwirizano umodzi ndi ochuluka kuposa onse amene Malawi angathe kupanga, kuphatikiza Nkula, Tedzani, Kapichira ndi sola ya ku Salima.

Zimene zimachitika kunoku zimafika kwathu mwachindunji. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, ndipo intaneti yake imadzera m'faiba ya pamtunda yodutsa m'maiko oyandikana nawo, makamaka Tanzania ndi Mozambique, isanalowe m'nthambo za pansi pa nyanja. Pa 12 Meyi 2024 nthambo za EASSy ndi Seacom zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti inafooka ku Tanzania, Kenya, Uganda, Rwanda, Mozambique ndi ku Malawi komwe. Chifukwa chimodzi chimene kudukaku kunapwetekera chonchi n'chakuti zinthu zambiri zimene anthu a m'maikowa amagwiritsa ntchito zimasungidwa m'nyumba za ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Nthambo ziwiri za makampani osiyana zinali zitagona moyandikana pansi pa nyanja, ndipo zinaduka pamodzi. Ndinaziwerenga n'kukumbukira pulagi zanga ziwiri zija.

Mu Julayi 2022 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anatsegula malo a boma osungira deta ku Blantyre, amene anamangidwa ndi Huawei. Ndinakondwa, ndipo ndikukondwabe, chifukwa zinthu monga kaundula wa nzika, misonkho ndi malipiro a ogwira ntchito m'boma ziyenera kukhala ndi kwawo m'dziko momwemo, makamaka tsopano pamene kuli lamulo la 2024 loteteza deta ya anthu. Koma chaka chomwecho, mu Januwale, namondwe Ana anali atawononga damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsiwo sanabwerere mpaka 2023. Nyumba ya maseva pa nthawi ngati imeneyo imakhala pa jenereta, jenereta imafuna dizilo, ndipo dizilo imafuna ndalama zakunja zimene tonse tikudziwa mmene zimasowera. Kumbali ina, amene amathawira ku mtambo wa makampani akuluakulu amalipira m'madola, ndipo pamene kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu yawo inalumpha usiku umodzi osawonjezera seva ndi imodzi yomwe. Maganizo anga ndi akuti kulota zoti Amazon kapena Google adzamanga ku Lilongwe posachedwa n'kutaya nthawi, pakuti Amazon anatenga zaka 14 kuti apite kumzinda umene unali ndi gombe, mabanki akuluakulu ndi mainjiniya awo omwe. Chimene chili m'manja mwathu ndi chimene South Africa inachita pakati pa 2008 ndi 2012: nyumba yapakatikati imene mwini wake sapikisana ndi alendi ake, malo okumanira amphamvu kuti uthenga wochoka ku Mzuzu kupita ku Zomba usatuluke m'dziko, ndi malo achiwiri kutali ndi oyambawo. Maziko ake alipo kale, chifukwa malo okumanira a makampani a intaneti anayamba ku Blantyre mu 2008.

Mwezi wathawu mnzanga amene tinaphunzira limodzi, amene tsopano amayang'anira makompyuta a bungwe lina lobwereketsa ndalama ku Lilongwe, anandiimbira foni. Anati, "Achimwene, abwana akufuna tisankhe, tisamutsire zonse ku Cape Town kapena tigule maseva athu. Inu mukuona bwanji?" Ndinamuyankha kuti ndisananene kanthu andiuze zinthu zitatu: thanki ya jenereta yawo imasunga dizilo wa masiku angati, makope awo osungira amagona m'nyumba iti, ndipo intaneti yawo imalowa m'njira zingati. Za dizilo anati masiku awiri. Za makope anayamba waseka, kenako anavomera kuti ali pa disiki imene imakhala pamwamba pa seva yomweyo. Za intaneti anayankha monyadira kuti ali ndi makampani awiri osiyana. Ndinamupempha kuti atuluke panja ndi kutsata nthambo ziwirizo ndi maso. Anandiimbiranso patatha masiku atatu kundiuza kuti zonse ziwiri zimatuluka pa bowo limodzi la khoma, zimayenda m'ngalande imodzi m'mbali mwa msewu, ndipo zimawoloka mtsinje pa mlatho umodzi. Panopa tagwirizana kuti maakaunti azikhala ku Lilongwe, kope lake lizitumizidwa ku Johannesburg usiku uliwonse, ndipo iye akufufuza mtengo wa kulumikiza ofesiyo ndi wayilesi ya padenga yoloza tsidya lina la mtsinje.